Kufufuza mng'alu m'dziwe losambiramo la konkire lomatidwa faiba

Dziwe la mtundu uwu lili ndi zigawo zitatu, ndipo chilichonse chimang'aluka mwa njira yake. Kunja kuli chigoba cha konkire chokhala ndi zitsulo mkati, chomwe chimanyamula kulemera kwa madzi ndi kukankha kwa dothi. Pakonkirepo amamatapo fiberglass, imene amisiri amangoti faiba. Iyi ndi nsalu ya ulusi wa galasi yonyowetsedwa ndi resin (mankhwala amadzimadzi amene akauma amalimba ngati pulasitiki), yokhuthala mamilimita 2 kapena 3, ndipo ndi imene imatchinga madzi. Pamwamba penipeni pali topcoat, ena amati gelcoat, kachikopa kosalala kokhuthala pafupifupi theka la milimita. Mukaona mzere pakhoma kapena pansi, maso anu aona topcoat yokha. Mzere womwewo ukhoza kukhala kachipsera kosavulaza kanthu, kapena chizindikiro chakuti konkire yathyoka pansi pake.

Choncho musanagule resin kapena kuitana womata, pezani mayankho a mafunso atatu. Kodi mng'aluwo walowa mpaka chigawo chiti? Kodi ukutaya madzi? Kodi waima, kapena ukukulabe? Mafunso awiri omalizawa amayankhika bwino dziwe lili lodzaza, ndiye madzi musawapope kaye. Chifukwa china chachikulu chosawapopera tichifotokoza kutsogoloku.

Yezani ngati madzi akutayikadi

Dziwe lililonse limaphwa ndi dzuwa ndi mphepo, kawirikawiri mamilimita 3 mpaka 7 patsiku, ndipo kuposa apo kukatentha kwambiri. Eni ake ambiri amaona madzi atatsika n'kuloza mng'alu umene uli pafupi, pomwe uli wosalakwa. Ndowa imodzi imathetsa mkanganowu.

Dzazani dziwe pa mlingo wake wa masiku onse, ndipo ngati lili ndi chipangizo chodzithirira madzi chokha, chitsekeni. Ikani ndowa pa sitepe yachiwiri, muikemo mwala kuti isayandame, n'kuthiramo madzi a m'dziwemo mpaka afanane ndi akunja. Madzi a m'ndowa ndi a m'dziwe ayenera kutentha mofanana, n'chifukwa chake ndowayo imakhala m'madzi, osati pabwalo. Lembani chizindikiro mkati mwa ndowa ndi china kunja kwake pogwiritsa ntchito tepi. Zimitsani pampu, pasasambe munthu, ndipo dikirani maola 24. Mvula ikagwa, yambiraninso.

Ngati madzi atsika mofanana mkati ndi kunja, dziwe silikudontha. Ngati akunja atsika kwambiri, kusiyanako ndiye madzi amene akutayika. Kuwerengera kwake n'kosavuta: milimita imodzi pa sikweya mita imodzi ndi lita imodzi. Dziwe la mamita 8 kwa 4 lili ndi masikweya mita 32, ndiye sentimita imodzi yotayika ndi malita 320 patsiku, onse akulowa m'dothi limene lanyamula dziwelo.

Bwerezaninso maola ena 24 pampu ikugwira ntchito. Madzi akamatayika kwambiri pampu ili yoyatsa, kayikirani mapaipi obwezera madzi m'dziwe, chifukwa ndi amene amakhala ndi mphamvu ya pampu, kapena vavu ya fyuluta (chosefera madzi) imene ikutaya madzi ku paipi yotayira. Akamatayika kwambiri pampu ili yozimitsa, ndiponso mukuona thovu la mpweya m'basiketi ya pampu ikayaka, vuto lili ku mapaipi okokera madzi. Akamatayika mofanana masiku onse awiri, ndiye pamene chigoba ndi faiba zikuyenera kuyankha mlandu.

Pali njira ina yothandiza. Tsekani makomo a mapaipi ndi zotsekera za labala, pampu ikhale yozimitsa, musiye madzi atsike okha. Pamene aima, pobowoka pali pa mzere umenewo: pakamwa pa skimmer (khomo la pakhoma lokokera madzi a pamwamba ndi zinyalala kupita ku pampu), pa nyale ya m'madzi, kapena pa mng'alu wa pakhoma. Koma akapitirira kutsika mpaka kudutsa nyale, musawalole kufika pansi. Dzazaninso.

Werengani maonekedwe a mng'alu

Tsukani malowo ndi burashi, valani magalasi osambirira, ndipo yang'anani m'mawa kapena madzulo kuwala kukubwera chammbali. Tochi yolowa m'madzi yogonekedwa pakhoma imaonetsa ming'alu imene masana sioneka. Jambulani dziwe papepala n'kulemba mng'alu uliwonse, kutalika kwake ndi kumene walowera. Musaderere pepalali, chifukwa ming'alu ikaikidwa pamodzi imasonyeza zimene umodzi sungasonyeze.

Timing'alu tating'ono tambiri tolukana ngati ukonde wa kangaude timakhala mu topcoat mokha. Timabwera ngati topcoat inapakidwa mokhuthala kwambiri, ngati anaithira catalyst (mankhwala oumitsa resin) wochuluka moti inauma mofulumira n'kukhala yophwanyika msanga, kapena ngati yangokalamba ndi dzuwa ndi mankhwala. Chikhadabo chikadutsapo sichikodwa, kapena chimangokodwa pang'ono. Timing'alu tochokera pamalo amodzi ngati nyenyezi timasonyeza kuti panagwera chinthu cholemera.

Ming'alu yotsata m'mphepete mwa masitepe ndi m'makona ndi ina. Nsalu ya faiba siipinda bwino pa kona yakuthwa, imadzuka n'kusiya mpweya kumbuyo, kapena womata amadzazapo resin yokha yopanda ulusi. Resin yopanda ulusi ndi yosalimba, ndipo munthu akaipondaponda imang'aluka. Apa konkire imakhala ili bwinobwino, cholakwika ndi kamatidwe.

Woopsa ndi mng'alu umodzi wautali umene sulabadira maonekedwe a dziwe. Umadutsa pansi, kawirikawiri pamene pansipo payambira kutsetsereka kupita kozama, n'kukwera khoma la mbali iyi ndi la mbali inayo. Kapena umachokera pakona n'kutsika mopingasa. Faiba yomatidwa bwino sing'aluka yokha motero. Yakokedwa ndi konkire imene yatseguka pansi pake. Tulukani m'madzi muone ngati mzerewo ukupitirira pa matailosi, pa miyala ya pamlomo wa dziwe ndi pabwalo. Ukapitirira, musakayikirenso. Yendetsaninso chala modutsa mng'aluwo: ngati mbali imodzi yakwera kuposa inzake, zigawo ziwiri za chigoba zasuntha mosiyana.

Kukula kwa mng'alu wa pakhoma kumanenanso kanthu. Wotseguka kwambiri kumwamba n'kumachepa kumunsi ukusonyeza kuti mbali imodzi ya dziwe ikutitimira, kapena pakati pakutukuka. Wotseguka kumunsi n'kutseka kumwamba ukusonyeza kuti pakati ndi pamene pakutitimira. Ngati makoma anamangidwa ndi mabuloko, mng'alu umatsata mizere ya matope a simenti ngati makwerero. Mzere wozungulira pamene khoma lakumana ndi pansi umapezeka ngati ziwirizo zinathiridwa masiku osiyana ndipo sizinagwirane bwino. Ndipo mng'alu wogona, wotsata m'munsi mwa miyala ya pamlomo kapena kumbuyo kwa matailosi, nthawi zambiri umabwera chifukwa bwalo la konkire lozungulira dziwe likamafutukuka ndi kutentha limakankha mutu wa khoma, popeza sanasiye mpata wofewa pakati pa ziwirizo.

Mtundu wa zotuluka pamng'alu nawo muuone. Mzere wofiirira wa dzimbiri ukutanthauza kuti madzi afika pa zitsulo za m'konkire. Dzimbiri limatenga malo aakulu kangapo kuposa chitsulo chimene ladya, choncho limakankha konkire kuchokera mkati, mng'alu n'kumakula wokha. Zoyera zolimba zomera pamng'alu ndi laimu wochokera m'simenti, umboni wakuti madzi akudutsa m'konkire. Koma timadontho takuda kapena tabulauni tokhala ndi kamchira kotsikira pansi si dzimbiri la zitsulo ayi. Timachokera ku cobalt, mankhwala a mu resin, akakumana ndi klorini kudzera m'timabowo ta topcoat. Timanyansa, koma chigoba sitichikhudza.

Utoto ndi kugogoda

Zimitsani pampu ndipo dikirani mpaka madzi akhale bata. Zimitsaninso magetsi a nyale za m'madzi pa bokosi la magetsi musanayandikire nyalezo. Kokerani utoto wothira m'zakudya m'sirinji yopanda singano, kapena gwiritsani ntchito phenol red, mankhwala ofiira oyezera pH aja. Yandikirani pang'onopang'ono, ikani nsonga ya sirinji pafupifupi sentimita imodzi kuchokera pamng'alu, n'kufinya pang'ono kwambiri. Pamene pakudontha, utoto umakokedwa ngati kaulusi n'kulowa m'mng'alumo. Pamene sipakudontha, umangoyandama ngati kamtambo n'kumwazika. Yesani masentimita 10 aliwonse motsata mng'alu wonse, chifukwa mng'alu wa mamita awiri ukhoza kutaya madzi pa kachigawo kakang'ono kokha.

Musathere pamng'alu pokha. Yesani mozungulira skimmer, nyale, makomo obwezera madzi ndi potulukira madzi pansi. Malo amenewa ndi pamene pulasitiki, faiba ndi konkire zakumana, ndipo zitatuzi sizifutukuka mofanana. Maiwe ambiri amene ankaganiziridwa kuti athyoka amapezeka kuti akudontha pakhosi pa skimmer basi.

Utoto ukhoza kukunamizani m'njira imodzi. Ngati madzi a m'dothi ali pamwamba, ofanana ndi a m'dziwe, mng'alu wotseguka sukoka kanthu chifukwa mphamvu za mbali ziwirizo zafanana. Dziwe limene limasiya kudontha nyengo ya mvula n'kuyambiranso dothi likauma lili ndi vuto limeneli.

Kenako gogodani. Tengani chogwirira cha sikuludiraiva kapena kanyundo kakang'ono ka pulasitiki, n'kumagogoda motsata mng'alu mbali zonse ziwiri, komanso malo ena a khoma ndi pansi. Faiba yogwira bwino konkire imalira mouma, mwachidule. Imene yamatuka imalira ngati ng'oma, ndipo mukaikanikiza ndi chidendene imabonyoka n'kubwerera. Zungulizani malo oterewa ndi pensulo ya phula ndipo muwalembe papepala lija. Kufunika kwake n'kwakuti madzi akalowa kumbuyo kwa faiba amayenda. Akhoza kulowera pamng'alu wa pa sitepe n'kukatulukira m'konkire mamita atatu kutali. Mukamata polowera pokha, faiba yomatukayo idzapitiriza kupindika ndipo idzang'aluka pena.

Matuza nawo ali mitundu iwiri. Ang'onoang'ono ambiri, olimba, okula ngati nsonga ya chala kapena kuposerapo pang'ono, ndi a osmosis: madzi amalowa pang'onopang'ono kudzera mu topcoat, amasungunula zotsalira za resin imene sinaume bwino, n'kupanga timadzi tokoka madzi ena. Mukaboola limodzi pamatuluka timadzi tonunkha ngati viniga, nthawi zina mwamphamvu, choncho tetezani maso. Thuza lalikulu lofewa lokhala ndi madzi oyera osanunkha ndi faiba imene yakankhidwa kuchoka pakonkire.

Kodi ukuyenda?

Ili ndi funso limene anthu amalilumpha chifukwa limafuna kudikira, koma ndi limene limasankha mtundu wa kakonzedwe. Lembani kamzere kumapeto onse awiri a mng'alu ndi tsiku lake. Yezani kukula kwake malo atatu ndi feeler gauge, timasamba tachitsulo toyezera mipata tija, n'kulemba malo enieni amene mwayeza. Pofananitsa, mainjiniya akamakonza pulani ya konkire yosunga madzi amafuna kuti mng'alu usapose mamilimita 0.2. Mng'alu umene khadi la pulasitiki likulowamo wadutsa kale malire amenewo kangapo. Pa bwalo kapena pa miyala ya pamlomo, matani kagalasi kopyapyala modutsa mng'alu ndi guluu wolimba mbali zonse ziwiri. Kakasweka, chigoba chasuntha.

Madzi enieniwo ndi levulo yabwino koposa. Pampu ili yozimitsa, yezani kuchokera pamwamba pa mlomo wa dziwe kufika pamadzi m'makona onse anayi ndi pakati pa makoma aatali. Kusiyana kwa sentimita imodzi kukhoza kukhala kwa amisiri omanga, ndiye muyeso woyamba sunena zambiri. Chofunika ndi kusintha kwa kusiyanako. Bwerezani mwezi uliwonse, ndipo ngati mungathe, muyeso wina ukhale wa nyengo youma, wina wa nyengo ya mvula. Dothi la dongo ngati makande limafufuma likanyowa n'kunyala likauma, moti mng'alu umatseguka ndi kutseka chaka ndi chaka.

Zungulirani dziwe kufunafuna gwero. Mtengo waukulu uli pafupi umamwa madzi a m'dongo mbali imodzi yokha, mbaliyo n'kutitimira. Madzi a padenga otayikira pafupi ndi khoma, bwalo lotsetserekera ku dziwe, udzu wobiriwira malo amodzi pomwe kwina kwauma, miyala ya bwalo yotitimira, zonsezi ndi zizindikiro. Dziwe lomangidwa pamtsetse, mbali ina pa dothi lachilengedwe ndi ina pa dothi lothira, limakonda kuthyokera pamalire a awiriwo. Ndipo kudontha kumadzikulitsa kokha: madzi otayika amafewetsa ndi kukokolola dothi la pansi, chigoba chimatitimira, mng'alu n'kutseguka kwambiri.

Musanapope madzi

Dziwe lopanda madzi ndi bwato. Tengani lija la mamita 8 kwa 4, lakuya mamita 1.5, lokhala ndi chigoba chokhuthala masentimita 15. Konkire imalemera makilogalamu pafupifupi 2,400 pa kiyubiki mita, ndiye chigoba chonsecho ndi matani pafupifupi 25. Madzi a m'dothi akakwera mita imodzi pamwamba pa pansi pa dziwe, amakankhira m'mwamba ndi mphamvu ya matani 32. Chigobacho chikhoza kutukuka, mapaipi n'kuthyoka, ndipo sichibwerera pamalo pake. Ngakhale chisatukuke, madzi odutsa m'konkire amasupula faiba ngati chikopa, popeza m'dziwemo mulibenso madzi oikanikizira kukhoma.

Choncho kumbani kadzenje kopapatiza kufupi ndi mbali yozama, mosamala kuti musaboole mapaipi kapena mawaya, kozama kufika pa mlingo wa pansi pa dziwe. Ikanimo paipi yoboola mbali n'kuona tsiku lotsatira ngati mwalowa madzi. Ngati alipo, muyenera kuwapopa mosalekeza nthawi yonse imene dziwe lili lopanda madzi, kapena kudikira nyengo youma. Onaninso ngati potulukira madzi pansi pali hydrostatic valve, vavu yolola madzi a m'dothi kulowa m'dziwe, ndipo muitsegule madzi akangotha. Dziwe limene miyeso yasonyeza kuti likusuntha musalipope injiniya wa zomangamanga asanalione. Ngati mng'alu uli kumtunda kwa khoma, ingotsitsani madzi masentimita 20 kapena 30 pansi pake. Musasiyenso faiba padzuwa masiku ambiri, chifukwa imafutukuka ndi kutentha kuposa konkire kawiri kapena kupitirira, ndipo imamatuka.

Tsegulani kawindo

Umboni womaliza ndi kupala. Valani magalasi, chotchinga mphuno choteteza ku fumbi ndi magolovesi. Sankhani pamene mng'alu wakula kwambiri, n'kupala malo a masentimita 10 kwa 10 ndi sandipepa wa giriti 80, pang'onopang'ono, mukupukuta fumbi ndi kuyang'ana. Mng'alu ukatha mtundu wa topcoat usanathe, vuto ndi la pamwamba basi. Ukapitirira mu faiba ngati mzere woyera, ulusi wathyoka. Faiba yabwino imaoneka ngati yolowa kuwala, yopanda mawanga. Mawanga oyera okhala ndi ulusi wouma amasonyeza kuti sinanyowetsedwe bwino ndi resin poimata. Zikatero dulani kachidutswako ndi galayinda mufike pakonkire.

Konkire ikhoza kukhala yathunthu, ndipo mwapumula. Ikhoza kukhala ndi mng'alu pansi penipeni pa mzere wa pamwamba. Kapena mungapeze pulasitala wakale wofumbutuka, kapena penti yakale, imene faiba inamatidwa pamwamba pake osaichotsa. Tembenuzani kachidutswa kamene mwadulako: ngati kumbuyo kwake kwamatirira mchenga kapena penti, chimene chinalephera ndi chapansicho, osati resin. Kuti mudziwe ngati konkire ikubweretsa chinyontho, matanipo pepala la pulasitiki ndi tepi mbali zonse n'kulisiya usiku wonse, maola osachepera 16. Madontho kumbuyo kwa pepala kapena konkire yakuda ndi chinyontho zikutanthauza kuti faiba yatsopano sidzagwira mpaka gwero la madziwo litathetsedwa.

Zotsatirazi ndi zimene zimasankha ntchito. Timing'alu ta topcoat timapalidwa mpaka titatha, kupukutidwa ndi mankhwala otsukira otchedwa acetone, n'kupakidwa topcoat yatsopano yokhala ndi catalyst wotchedwa MEKP wokwana 1.5 mpaka 2 peresenti, kunja kukutentha madigiri oposa 15. Kupala n'kofunika chifukwa topcoat ili ndi phula pamwamba, ndipo palibe chimene chimamatirira paphula. Kungopaka pamwamba pa timing'alu osatipala kumatibisa miyezi yochepa chabe. Faiba yothyoka kapena yomatuka imadulidwa mpaka pamene ikulira mouma, m'mphepete mwake n'kupalidwa motsetsereka, ndipo nsalu yatsopano, kawirikawiri ya magalamu 450 pa sikweya mita, imapitirira masentimita 10 mpaka 15 pa yakaleyo mbali zonse.

Mng'alu wa konkire umene waima ndipo ndi wouma umapoperedwamo guluu wolimba wotchedwa epoxy, nthawi zina n'kumangidwanso ndi zitsulo zodutsa mopingasa. Wonyowa umafuna polyurethane, imene imafufuma ikakumana ndi madzi, koma iyi imangotseka madzi, siibwezera mphamvu ya chigoba. Pamene pali dzimbiri, konkire imagumulidwa mozungulira chitsulo mpaka chitsulo choyera chioneke. Mng'alu umene ukuyendabe sumvera chilichonse mwa izi: epoxy idzagwira, konkire n'kung'aluka pambali pake, mpaka ngalande, mizu kapena maziko zitakonzedwa.

Pogwira ntchito ndi resin m'dziwe lopanda madzi, kumbukirani kuti mpweya wa styrene, wochokera mu resin, ndi wa acetone umalemera kuposa mpweya wamba, ndiye umadikha kozama kumene mwagwadako. Ikani fani, pasakhale moto kapena fodya, ndipo MEKP isakhudze maso kapena kusakanizidwa mwachindunji ndi cobalt, chifukwa ziwirizi zikakumana zokha zimatha kuyaka mwamphamvu. Mukamaliza kukonza n'kudzaza madzi, bwezerani ndowa ija pa sitepe maola 24, ndipo pitirizani kuyeza makona mwezi uliwonse mpaka nyengo ya mvula ndi youma zitadutsa.